Udzu woipa uzulidwe ndi mizu yake

Mvula ikayamba mu Novembala, pabwalo pamamera zinthu zambiri. Kapinga amaphuka. Cisoso, dawe ndi khovani nazonso zimamera. Kapinga ndi udzu wabwino pakhomo. Amayanga pansi, amagwira dothi kuti lisakokoloke, ndipo ana akamasewera sadzola matope. Koma zomera zinazo zimamulanda malo ndi cakudya.

M'midzi ya ku Angónia, anthu ena akaona chire pakhomo amatenga cikwakwa nayamba kuchecha. Nchito imeneyi imatha msanga, ndipo pabwalo pamaoneka bwino. Koma kukongolako ndi kwa masiku ocepa. Cikwakwa cimadula masamba okha, mizu imatsala m'dothi. Njira yabwino ndi kuzula.

Dawe ndiye wovuta kwambiri. Pansi pa nthaka ali ndi timbatata tating'ono. Munthu akadula masamba ake, timbatatato timaphukanso. Dawe amafuna khasu. Bambo kapena mayi akumbe pang'ono, ndipo mwana atole timbatata tonse. Kamodzi kokha kakatsala, dawe amabweranso.

Khovani nayenso ndi wocenjera. Tsinde lake likaduka ndi kugwera pa dothi lonyowa, limamera mizu yatsopano. Ndiye cifukwa cake khovani wozulidwa sayenera kusiyidwa pa kapinga. Aunjikidwe pamwala kapena pamalo ouma kuti dzuwa limuumitse.

Nthawi yabwino yozula ndi m'mawa, mvula itagwa usiku. Dothi limakhala lofewa, ndipo muzu umatuluka wonse. Nchito yotere mwana wa kalasi 1 akhoza kuigwira. Agwire comera m'munsi, pafupi ndi dothi, nakoka pang'onopang'ono. Koma asapite yekha pamene udzu watalika. Pamenepo pamabisala njoka. Wamkulu atsogole ndi ndodo.

Ena amati: “Kuzula kumacedwa, ndipo kumunda kukudikira kupalira.” Akunena zoona. Disembala ndi mwezi wa nchito yambiri, ndipo cimanga sicidikira munthu. Koma bwalo ndi laling'ono. Ana awiri akamazula pang'ono pocokera kusukulu, udzu woipa supeza mpata wobereka mbeu. Cisoso cikasiyidwa mpaka citakhwima, mbeu zake zakuda zimamata pa zovala, pa ubweya wa galu ndi wa mbuzi. Zimafesedwa pakhomo ponse, ndipo caka camawa nchito imakula.

Ena amadikira cilimwe kuti atenthe udzu ukauma. Njira iyi ndi yoopsa. Mphepo ikaomba, moto ukhoza kulumphira pa denga la udzu kapena pa nkhokwe ya cimanga. Komanso timbatata ta dawe timene tili pansi sitipsa.

Pozula, agogo akhale pafupi, cifukwa iwo amadziwa zomera zimene zimadyedwa. Bonongwe, luni ndi cisoso canthete si zotaya. Ndi ndiwo. Ana aziike m'lichero padera, osati pamulu wa zinyalala. Mayi akazitsuka bwino ndi kuziphika ndi nsinjiro, banja limadyera nsima madzulo omwewo.