Tiziwafunsa odwala vitiligo zimene aganiza

Matenda a vitiligo abweretsa mawanga oyera mbee pakhungu, makamaka kumaso, m'manja ndi kumapazi. Asilikali a m'thupi aononga tizigawo timene tipatsa khungu mtundu wace wakuda. Agwira pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 100. Sapatsirana, ndipo sapha.

Izi tidziwa ndife a cipatala. Nanga mwini mawanga aganiza ciani?

Mu 1996 John Weinman wa ku London ndi anzace anakonza mafunso oyesera mmene wodwala amvetsera matenda ace, ochedwa Illness Perception Questionnaire. Mu 2006 Elizabeth Broadbent ndi anzace anawafupikitsa kukhala 9. Pa mafunso 8 wodwala ayankha ndi nambala, kucokera pa 0 kufika pa 10: kodi matenda adzakhalitsa, kodi mankhwala athandiza, kodi amdetsa nkhawa motani. Funso la 9 limpempha kuchula zinthu zitatu zimene akhulupirira kuti zinabweretsa matendawo.

Ine nditi tiwagwiritse nchito, koma manambala tisawadalire kwambiri. Agogo amene sanapite kusukulu mukawauza kusankha pakati pa 4 ndi 7, asankha imene aona kuti ikondweretsa adokotala. Funso la 9 ndilo la mtengo wapatali, malinga lifunsidwe m'Cinyanja, citseko cili cotseka, apongozi ali panja.

Yankho lace lisintha zimene tiyenera kucita. Amene ati analodzedwa adzalandira mafuta athu mwaulemu, mawa lace ali kwa sing'anga kutemedwa mphini. Ameneyo tiyenera kumcenjeza kuti pa anthu ena mawanga atsopano atuluka pomwe khungu lavulala. Amene aganiza kuti ndi khate ali kale ndi mbale yaceyace kunyumba, mwina ukwati uli pafupi kutha. Kumpima sikutenga nthawi: atseke maso, timkhudze ndi thonje pa wangalo. Wanga la khate kawirikawiri likhala la dzanzi, la vitiligo limva bwino lomwe. Acibale aone ndi maso ao kupima kumeneku.

Palinso amene ayembekeza kucira m'sabata imodzi. Mafuta odzola atenga miyezi, ndipo m'zala mtundu ubwerera movutikira. Ngati sitinamfunse ciyembekezo cace, adzasiya mankhwala mwezi usanathe ndi kunena kuti cipatala calephera.

Inu amene muli ndi mawanga, mukabwera nenani zimene muganiza ngakhale sitinafunse. Ndipo bvalani cipewa, pakuti khungu loyeralo lipsa msanga ndi dzuwa la mu Okutobala.