Laputopu yakale isatayidwe msanga

Laputopu ikayamba kuchedwa poyaka, eni ake amafulumira kunena kuti yatha, ndipo imakagona pansi pa mulu wa makope mu ofesi ya mkulu wa sukulu. Kawirikawiri makinawo amakhala akadali amoyo. Chimene chakalamba ndi pulogalamu yaikulu yowayendetsa. Kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 7 mu Januwale 2020, Windows 10 nayo inasiyidwa mu Okutobala 2025, pamene Windows 11 imakana kulowa m'makina akale ambiri. Ine ndikuti mphunzitsi wa ziyankhulo ziwiri asavomere kuti nkhani yathera pamenepo.

Pali pulogalamu ina yoyendetsa kompyuta, dzina lake Linux. Anaiyamba ndi Linus Torvalds mu 1991, ali wophunzira ku Helsinki, potsanzira kapangidwe ka Unix yomwe inabadwira ku Bell Labs mu 1969. Ndi yaulere, ndipo kuikopera mnzako si kuba. Ili ndi mitundu yambiri. Wodziwika kwambiri ndi Ubuntu, umene anaukhazikitsa Mark Shuttleworth wa ku South Africa mu 2004. Dzinalo ndi lija ife timati umunthu.

Wina afunsa kuti zimenezi zikukhudzana bwanji ndi kuphunzitsa m'chiyankhulo cha makolo. Chinyanja chinalowa m'kalasi ku Tete pa kuyesa kwa PEBIMO, kuyambira 1993 mpaka 1997, nthawi imene Xichangana chinkayesedwa ku Gaza. Kuchokera apo njala yathu yakhala ya zowerenga. Mwana amene wangodziwa kulumikiza maphatikizo amafuna nkhani yatsopano mlungu uliwonse, ndipo buku limodzi la kalasi silingamukhutitse. Adzamulembere ndani nthano za ku Angónia, zilapi za ku Macanga, mayina a nsomba za ku Lago? Mphunzitsi yekha ndiye ali pafupi ndi mwanayo ndiponso pafupi ndi agogo ake. Chimene akusowa ndi polembera posafufutika, pamene nkhani ingakonzedwe, kusindikizidwa ndi kupatsiridwa ku sukulu yoyandikana.

Ntchito imeneyi siifuna makina amphamvu. LibreOffice imalemba ndi kutsegula mafayilo a Word. Audacity imajambula mawu a agogo akamasimba nthano. Palinso zilembo zotchedwa Andika, zimene bungwe la SIL linapangira ongoyamba kuwerenga: "a" wake amafanana ndi amene timalemba pa bolodi, osati uja wa mutu wopindika amene amadodometsa ana a kalasi yoyamba. Kanthu kakang'ono, koma amene anaphunzitsapo ana a zaka 6 akudziwa kulemera kwake.

Poika Linux, yambani mwasamutsira zithunzi ndi makalata anu onse kwina, chifukwa kuikako kumafufuta zonse mukasankha kugwiritsa ntchito disiki yonse. Kenako onani kukula kwa RAM. Makina a 2 GB kapena kuposerapo angathe kunyamula Lubuntu. Osafika pamenepo, kapena a 32-bit, apatseni antiX, poti Ubuntu ndi abale ake anasiya kutulutsa ya 32-bit. Fayilo yoikira muitenge kamodzi kokha kumene intaneti ili bwino, kaya ku Ulónguè kaya ku Lichinga, ndipo muilembe pa fulashi ndi pulogalamu monga Rufus. Fulashi imodziyo ikwanira masukulu onse a m'dera lanu. Poyatsa laputopu dinani F12, F9 kapena Esc, malinga ndi mtundu wa makina, kuti iyambire pa fulashi.

Apa ndiye pofunika kudekha. Linux imatha kuyenda kuchokera pa fulashi isanakhudze disiki, choncho yesani kaye Wi-Fi, mawu, makiyi a ã ndi ç, ndiponso makina osindikizira a pasukulu. Zikayenda, ikani, ndipo sankhani Chipwitikizi kuti mindandanda yake isakusokonezeni.

Otsutsa ali ndi mfundo zawo, ndipo zina n'zoona. Linux siidzutsa batire lakufa. Fomu yochokera ku boma yolembedwa mu Word nthawi zina mizere yake imasuntha ikatsegulidwa mu LibreOffice. Makina ena osindikizira amakana. Ndiponso amisiri ambiri a m'tauni anazolowera Windows, kotero mukapita ndi vuto angakuuzeni kuti mubwezeremo yakale, nthawi zambiri yokopera mwachinyengo. Koma yerekezani zovuta izi ndi fulashi zodzaza mavairasi zimene zimayendayenda pakati pa aphunzitsi nthawi ya mayeso. Mavairasi opangidwira Windows sagwira ntchito pa Linux.

Chovuta chimene chimandikhudza kwambiri ndi china. Mukayamba kulemba Chinyanja, pulogalamu idzadula mzere wofiira pansi pa mawu anu pafupifupi onse, chifukwa ikuwayesa Chipwitikizi cholakwika. Ana akaona zimenezi pa sikirini adzaganiza chimodzimodzi. Zimitsani chofufuzira kalembedwecho, kapena lowetsani mawuwo limodzilimodzi mu dikishonale ya pulogalamuyo, motsatira kalembedwe kovomerezeka, mpaka kufiirako kutachepa.