Paini wanu angafe asanakule: yenderani munda

Achinyamata ambiri amene ndimacheza nawo masiku ano akuti akufuna kudzala paini, poti matabwa ndi ndalama. Ndimawayamikira. Koma ndimawafunsa funso limodzi: mukadzala mu Disembala kapena Januwale, mudzapitakonso liti? Mtengo wa paini umatenga zaka 20 kapena kuposerapo kuti uchekedwe matabwa abwino, ndipo zaka zitatu zoyambirira ndi zimene tizilombo timaupweteka kwambiri.

Adani oyamba ali pansi. Mphutsi zodula mbewu zimadula kamtengo usiku, m'mawa mungopeza kagona. Mbozi zoyera zimadya mizu, pomwe chiswe chimakonda mbande yofooka kapena youma kale. Nunkhadala naye amadya nsonga zanthete. Pamwamba pali nsabwe za paini. Mukaona zoyera ngati thonje pa nsonga ndi pa khungwa, masamba akuchita chikasu, nsonga zikupindika, dziwani kuti zafika. Zimayamwa madzi a mtengo, ndipo zimachuluka nthawi ya chilimwe mitengo ikamavutika ndi ludzu.

Apa ndiye pagona nkhani: tizilombo timathamangira mtengo wofooka. Choncho chitetezo chimayamba musanakumbe dzenje. Paini wa patula, amene wadzaza ku Chikangawa ndi pa phiri la Zomba, amafuna malo okwera, ozizira, a mvula yambiri. Kumalo otsikirako ndi ofundirako, wa kesiya amapirira bwino. Gulani mbande zathanzi, dzalani mvula itakhazikika, palirani mozungulira mtengo uliwonse, ndipo pakizani msanga pamene pafa.

Za mankhwala, chonde tisamathamange. Kupopera chisawawa kumapha njuchi komanso tizilombo tofiira ta madontho akuda tija, timene timadya nsabwe kwaulere. Nthambi imene yagwidwa kwambiri, iduleni n'kuitentha kutali ndi munda. Vuto likakula, jambulani ndi foni yanuyo mukaonetse alangizi a zankhalango a m'dera lanu, akuuzeni mankhwala ovomerezeka ndi mlingo wake. Ogulitsidwa m'timabotolo topanda chizindikiro pamsika, asiyeni.

Ine langizo langa ndi losavuta: pa masabata awiri alionse, yendani m'mizere, weramani, yang'anani patsinde ndi pansonga. Ngati muli m'tauni, gwirizanani ndi m'bale wakumudzi azikutumizirani zithunzi pa WhatsApp. Data ya tsiku limodzi ndi yotchipa kuposa kugulanso mbande za munda wonse.