Disiki ya buleki yopepuka? Ine ndakana

Anzanga okonda Physics, mwina munamvapo kuti disiki ya buleki ikapepuka, galimoto imathamanga bwino. Pa galimoto zampikisano za Formula 1, n'zoona ndithu. Koma pa Sienta yodzaza anthu yotsika mtsetse wa ku Bangwe kapena Chilomoni, ine ndikuti kulemerako ndiye chitetezo.

Buleki imasandutsa mphamvu ya liwiro kukhala kutentha. Tiyeni tiwerengere. Galimoto ya makilogalamu 1,000 yothamanga makilomita 72 pa ola ili ndi ma joule 200,000. Mphamvu yonseyo ikalowa m'madisiki achitsulo olemera makilogalamu 10, kutentha kwake kumakwera ndi madigiri pafupifupi 43. Akakhala makilogalamu 8, kumakwera ndi 54. Dalaivala akamaponda pafupipafupi, kutenthako kumaunjikana mpaka buleki kuleka kugwira. Paja mphika wopyapyala ndi umene umapsereza nsima msanga.

Nanga makilogalamu awiriwo angapulumutse petulo wochuluka bwanji? Chikwama chanu cha mabuku chikhoza kulemera kuposa pamenepo!

Chofunika n'kukhuthala. Madisiki ambiri amalembedwa MIN TH, kutanthauza mlingo wotsiriza wololedwa. Kwanu kukakhala galimoto, akumbutseni akuluakulu kuti makaniko ayeze kaye disiki asanaipale.