Ciwewe: Kodi Tiphe Agalu Kapena Tiwatemele?

Galu akaluma mwana m'komboni kapena m'mudzi, mkangano umodzimodzi umabukanso. Makolo amafuna kuti khonsolo itumize anthu a mfuti, ndipo makhonsolo a m'dziko lathu amalengezadi kawilikawili nchito yowombela agalu oyendayenda. Lamulo la Control of Dogs Act limawapatsa mphamvu zimenezi, monganso limalamula mwini galu kum'lembetsa ndi kum'temela. Koma madokotala a ziweto ambili amakamba kuti mfuti imatonthoza mitima kwa masiku ocepa cabe, ciwewe n'kutsala pomwe cinali. Popeza nkhaniyi ikhudza miyoyo ya ana athu, tifunika kumvetsa cifukwa cake amakamba conco.

Kukula kwa vutoli

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati ciwewe cimapha anthu pafupifupi 59,000 caka ciliconse, ambili a iwo mu Africa ndi ku Asia. Pa anthu 100 odwala matendawa, mpaka 99 amawatengela kwa galu, ndipo pafupifupi 40 amakhala ana osafika zaka 15. Kacilombo kake kamalowa ndi malovu pacilonda n'kuyenda m'mitsempha pang'onopang'ono mpaka kukafika ku ubongo. Nthawi zambili pamapita miyezi iwili kapena itatu munthu asanayambe kudwala, ndipo n'cifukwa cake mabanja ena amaiwala n'kuiwala kuti mwana analumidwapo. Zizindikilo zikangoonekela, monga kuopa madzi ndi kusokonezeka mutu, mankhwala ocilitsa palibe. Ng'ombe ndi mbuzi nazonso zimafa nawo matendawa zikalumidwa, moti mlimi amataya cuma cake.

Tikadziwa zimenezi, sitingaimbe mlandu kholo limene lifuula kuti agalu onse aphedwe. Funso n'lakuti, kodi kuwapha kumateteza mwanayo?

Cifukwa cake mfuti imalephela

Coyamba, agalu ambili amene timawacha osocela ali ndi eni ake. Masana amayendayenda kufuna cakudya pamsika, madzulo n'kubwelela kwawo kukalonda nyumba. Owombela amapeza msanga agalu ozolowela anthu, omwe nthawi zambili ndiwo anatemeledwa kale. Tikapha galu wotemeledwa, tagwetsa mpanda umene unali kuchinga matendawo, ndipo ndalama ya katemela uja yapita pacabe.

Caciwili, banja limene galu wake waphedwa silikhala nthawi yaitali lopanda mlonda. Limakatenga kagalu kwina, kosatemela, mwina kucokela kudela kumene kuli ciwewe. Ena akamva kuti a khonsolo akubwela amathawitsa agalu awo n'kukawasiya kwa acibale, ndipo matenda amayenda nawo ulendowo. Agalu otsala nawo amapeza cakudya cambili pa milu ya zinyalala, amabeleka, ndipo posapita nthawi ciwelengelo cimabwelela pakale, koma tsopano ambili ndi osatetezedwa.

Cacitatu, anthu akayamba kuona ofesala wa ziweto ngati wakupha agalu, sabweletsanso agalu awo pa tsiku la katemela. Ndipo kumene amagwilitsa nchito poizoni, galu amafa imfa yowawa, nyamboyo n'kuphanso amphaka, mbalame ndi nyama zina, kuwonjezela pa ngozi imene ana osewela pafupi amakhala nayo.

Zimene zinacitika kwina

Pa cisumbu ca Bali ku Indonesia ciwewe cinadziwika mu 2008. Akuluakulu a kumeneko anayamba ndi kupha agalu, ndipo anapha oposa 100,000, koma matenda anafalikilabe cisumbu conse. Imfa za anthu zinayamba kutsika pambuyo poti nchito yotemela agalu pacisumbu conse yayamba mu 2010.

Dziko la Mexico linasankha njila ya katemela waulele caka ndi caka. Mu 1990 anthu 60 anadwala ciwewe cocokela kwa agalu. Pofika mu 1999 anali atatu cabe, ndipo kuyambila mu 2006 panalibenso ndi mmodzi yemwe. Mu 2019 bungwe la WHO linatsimikizila kuti dzikolo lathetsa vutoli.

Tisaganize kuti izi n'zotheka kumaiko akutali okha. Ku Blantyre, kwa anansi athu a ku Malawi, bungwe la Mission Rabies pamodzi ndi boma linatemela agalu oposa 35,000 m'masiku 20 mu 2015. Mzinda umenewo uli ndi makomboni ofanana ndi athu, ndipo agalu ake amayendayenda monga athu.

Akatswili amati tikatemela agalu 70 pa 100 alionse, ciwewe cimasowa kolowela. Galu wodwala amapatsila anzake ocepa cabe asanafe, conco ngati ambili amene wawaluma ali otetezedwa, matenda amathela pomwepo. Koma agalu a kuno sakhala zaka zambili ndipo tiana timabadwa nthawi zonse. Ndiye cifukwa cake nchitoyi ifunika kubwelezedwa caka ciliconse. Kutemela kamodzi n'kuleka kuli ngati kupalila munda tsiku limodzi n'kudikila dzinja lonse.

Pamene odandaula ali ndi mfundo

Ngakhale n'conco, sitiyenela kutseka makutu kwa amene amaopa agalu. Katemela amaletsa ciwewe, koma saletsa mano. Galu wolusa amene watemeledwa angathebe kuvulaza mwana kapena nkhalamba. Pamenepa mlandu ni wa mwini galu, ndipo lamulo liyenela kugwila iye. Madokotala a ziweto nawonso sakana kuti galu amene aonetsa zizindikilo za ciwewe aphedwe mwamsanga, m'njila yosam'zunza, ubongo wake n'kukapimidwa. Galu amene waluma munthu koma aoneka wabwino amamangidwa n'kuyang'anilidwa kwa masiku 10. Kusiyana kulipo pakati pa kucotsa galu mmodzi woopsa ndi kuwombela aliyense wopezeka panjila.

Pa nkhani ya kufula agalu ndi kutseka mimba za agalu aakazi, madokotala eni ake sagwilizana kwenikweni. Ena amati ndiyo njila yokhalitsa yocepetsela agalu. Ena amati opaleshoni imodzi imadya ndalama imene ikanatemela agalu ambili, conco kumene thumba ndi laling'ono katemela ayenela kukhala patsogolo. Ife tiona kuti mfundo yaciwiliyi ndi imene ikugwilizana ndi mmene zinthu zilili kwathu kuno. Kucepetsa agalu oyendayenda kungayambe ndi nchito imene ili kale m'manja mwa khonsolo, ndiyo kucotsa zinyalala m'misika ndi pamalo ophela nyama.

Zimene tiyenela kucita

Mabungwe a WHO, FAO, WOAH ndi Global Alliance for Rabies Control anagwilizana kuti pofika mu 2030 pasakhalenso munthu wakufa ndi ciwewe cocokela kwa galu. Zaka zatsala zocepa. Tipempha boma ndi makhonsolo kuti ndalama zimene zimapita ku zipolopolo zipite ku katemela, ku mafuta a njinga zamoto za maofesala a ziweto, ndi ku mafiliji osungila katemelayo. Tipemphanso kuti katemela wa anthu olumidwa azipezeka m'zipatala za m'maboma, cifukwa amalandilidwa kangapo pa masiku osiyana, ndipo banja losauka likamauzidwa kukagula kapena kuyenda mtunda wautali limalekela panjila.

Mutu umodzi susenza denga. Mafumu, anyakwawa, aphunzitsi ndi akulu a mpingo ali ndi mau amene anthu amamvela. Bwalo la chalichi kapena la sukulu lingakhale malo otemelapo agalu, ndipo cilengezo ca pa Sondo cimafika kumene wailesi siifika. Tithandize kuthetsa mphekesela yakuti galu wotemeledwa amafooka kapena amaleka kusaka, pakuti si zoona. Tiana ta agalu natonso tizibweletsedwa. Tsiku la 28 September, lokumbukila za ciwewe padziko lonse, lingakhale poyambila pabwino.

Pomaliza, banja lililonse lidziwe izi: munthu akalumidwa kapena kukandidwa ndi galu, tsukani cilondaco ndi sopo ndi madzi ambili kwa mphindi 15, ndipo pitani naye ku cipatala tsiku lomwelo, ngakhale cilonda cikhale cacing'ono. Musadikile kuona ngati adzadwala. Ana auzidwe kuti akalumidwa azinena msanga, ndipo makolo tisawakalipile, pakuti mwana woopa cikwapu amabisa cilonda.