Amene Akuti Ndi Phokoso, Anamvetsera Kodi?

Achinyamata anzanga, pali liwu limodzi limene limathetsa mkangano wa nyimbo usanayambe n'komwe. Liwulo ndi lakuti "phokoso". Wina akangoika nyimbo imene ilibe kolasi yoti n'kuvomereza, imene ng'oma yake sikugwirizana ndi phazi, kapena imene gitala yake ikulira ngati chigayo chosowa mafuta, mnzake amakwinya nkhope pasanathe masekondi khumi, nati, "Zimitsa phokosolo." Wachitatu, pofuna kuoneka wopemphera, amawonjezera kuti zimenezo n'za satana. Basi mlandu watha. Woweruza wapinda mkanjo wake, mboni sizinaitanidwe, ndipo woimbidwa mlandu sanatsegule n'pakamwa pomwe.

Ndikufuna kutsutsa chiweruzo choterechi, ndipo ndichitsutsa mosapsatira mawu. Kawirikawiri munthu akati "ndi phokoso" amakhala akutiuza za khutu lake, limene latopa lisanagwire ntchito. Nyimbo za chamba chotchedwa alternative rock, pamodzi ndi luso la anthu oyesa mamvekedwe achilendo, zimapempha chinthu chimodzi chimene mbadwo wathu ukuchisowa kwambiri, ndicho kudekha. Makolo anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Wosadekha amalumbira kuti nkhono ilibe maso.

Tiyeni titenge mlandu weniweni. Mu 1997 gulu la Radiohead la ku England linatulutsa chimbale cha OK Computer, ndipo anthu analilonga ufumu wa magitala. Aliyense ankayembekeza kuti chimbale chotsatira chidzafanana ndi mkulu wake. Mu Okutobala 2000 kunatuluka Kid A. Magitala anali atabisala. Mawu a woimba wawo, Thom Yorke, anali atapotozedwa ndi makina mpaka pena kumveka ngati si a munthu, ndipo m'nyimbo ina malipenga ankalira lililonse njira yake ngati anthu okangana pamsika. Gululo silinasankhe ngakhale nyimbo imodzi yoti igulitsidwe payokha n'kutsogolera zinzake. Otsatira ake anagawikana pakati. Wolemba mabuku Nick Hornby anachidzudzula chimbalecho m'magazini ya The New Yorker, ndipo nyuzipepala ya nyimbo ya Melody Maker inachipatsa malikisi ochititsa manyazi. Komabe chinafika pa nambala 1 ku Britain ndi ku America, chinapata mphoto ya Grammy mu 2001, ndipo mu 2009 magazini ya Rolling Stone inachitcha chimbale choposa zonse za m'zaka khumi zimenezo. Mphoto si umboni wa ubwino, zimenezo ndikudziwa. Koma taonani ichi: pakati pa 2000 ndi 2009 m'chimbalemo simunasinthe ngakhale noti imodzi. Amene anasintha ndi omvera. Anabwerera, namvanso, namvanso kachitatu, mpaka nkhono inatulutsa maso.

Tsopano inu amene mumathamangira kutchula satana, tcherani khutu. M'chimbale chimenechi muli kulira kwina kopyapyala, kokwera ndi kutsika ngati mawu a mayi wolira chapatali. Kulirako n'kwa chida chotchedwa ondes Martenot, chimene Mfalansa wina, Maurice Martenot, anachionetsa kwa anthu mu 1928. Woimba amavala mphete kuchala naiyendetsa kutsogolo kwa makiyi, ndipo magetsi amasandutsa kuyenda kwa chalacho kukhala liwu. Jonny Greenwood, woimba gitala wa Radiohead, anachikonda chidachi akali mnyamata, atachimva m'nyimbo yaikulu yotchedwa Turangalîla, yopekedwa ndi Olivier Messiaen. Nanga Messiaen ameneyu ndani? Ndi Mkatolika wolimba amene ankaimba limba ku Paris m'tchalitchi cha Sainte-Trinité, ndiye kuti Utatu Woyera, kuyambira mu 1931 mpaka chaka cha imfa yake, 1992. Liwu limene mukuti lachokera kumidima linafika m'manja mwa Greenwood kudzera mwa munthu wosaphonya Misa.

Messiaen nayenso analawa chiweruzo chofulumira. Mu 1945, atatulutsa nyimbo zitatu zolemekeza kupezeka kwa Mulungu pakati pa anthu, olemba nyuzi a ku Paris anamunyoza koopsa, ena nati chipembedzo cha m'nyimbo zake n'chachiphamaso. Iye anangopitiriza ntchito yake. Ankalawirira kutchire atatenga pepala ndi pensulo, kukalemba kulira kwa mbalame noti ndi noti, ndipo pofika mu 1958 anali atamaliza mndandanda wa nyimbo 13 za piyano zochokera kwa mbalamezo, wotchedwa Catalogue d'oiseaux. Mbalame sizidziwa kolasi, sizisamalanso za kugunda kwa ng'oma. Amene akuti nyimbo yopanda kolasi si nyimbo apite akatsutsane ndi amene analenga mbalame.

Koma umboni waukulu uli m'ndende. Mu 1940 asilikali a Germany anamugwira Messiaen n'kumutsekera m'msasa wa akaidi a nkhondo wa Stalag VIII-A, ku Görlitz. M'menemo munali woimba vayolini, woimba cello ndi woimba chitoliro cha clarinet, ndipo iye anawapekera nyimbo ya zigawo 8, nayenso nakhala pa piyano. Dzina lake ndi Quatuor pour la fin du temps, kutanthauza nyimbo ya anthu anayi yonena za kutha kwa nthawi, ndipo ganizo lake analitenga m'mutu 10 wa buku la Chivumbulutso. Kayendedwe ka nyimboyo n'kosawerengeka ndi phazi. Munthu amene ankamva nsapato za asilikali zikugunda mofanana tsiku ndi tsiku anapeka nyimbo imene msilikali sangagube nayo, kuti omvera alaweko pang'ono moyo umene wotchi ilibe nawo mphamvu. Anaiimba pa 15 Januwale 1941, m'chisanu choopsa, pamaso pa mazana a akaidi ndi alonda awo. Messiaen mwiniwake anachitira umboni pambuyo pake kuti sanamveredwepo kwina kulikonse ndi chidwi chotero. Akaidi anjala ndi ozizidwa anakwanitsa kutchera khutu mphindi pafupifupi 50. Ife okhuta, okhala pamthunzi, masekondi khumi akutikanika.

Mmodzi mwa ophunzira a Messiaen anali Karlheinz Stockhausen wa ku Germany. Mu 1956, mumzinda wa Cologne, iye anatulutsa Gesang der Jünglinge, nyimbo imene anatenga mawu a mnyamata wa zaka 12, nawadula, nawachulukitsa, nawasakaniza ndi malirolilo a makina a magetsi, n'kuwatulutsira m'zokuzira mawu zozungulira omvera. Wongoimva koyamba angathawe. Koma mawu amene mnyamatayo akuimba ndi a nyimbo ya anyamata atatu aja a m'ng'anjo ya moto, ya m'mutu 3 wa buku la Danieli, yomweyo imene Mpingo umaipemphera m'mapemphero a m'mawa a Lamulungu. Malirolilo a magetsiwo ndiwo malawi, ndipo mwanayo akutamanda Mulungu ali pakati pake. Patapita zaka 11, mu 1967, gulu la The Beatles linaika nkhope ya Stockhausen pachikuto cha chimbale chawo cha Sgt. Pepper's Lonely Hearts Club Band. Choncho njira yochokera kwa oyesa mamvekedwe kupita ku magitala a rock inalambulidwa kalekale, ndipo ena mwa oilambula anali anthu opemphera.

Wina anena kuti ndasankha mboni zondikomera. Chabwino, tiyeni tiitane mboni yovuta kuposa zonse. Pa 29 Ogasiti 1952, ku Woodstock m'chigawo cha New York ku America, woimba piyano David Tudor anakhala pansi kuti aimbe nyimbo ya John Cage yotchedwa 4'33". Anatseka chivundikiro cha makiyi, nakhala osaliza kanthu. Nyimboyo ili ndi zigawo zitatu, ndipo zonse pamodzi zimatenga mphindi 4 ndi masekondi 33. Omvera anamva mphepo m'mitengo, kenaka madontho a mvula padenga, kenaka kung'ung'udza kwawo komwe pamene ena ankatuluka atakwiya. Chaka chapitacho Cage anali atalowa m'chipinda china pa yunivesite ya Harvard, chomangidwa kuti chimeze liwu lililonse, ndipo anati ngakhale m'menemo anamva thupi lake likulira. Anazindikira kuti munthu wamoyo sakhala pa chete weniweni, amangosiya kumvetsera. Kodi 4'33" ndi nyimbo? Mukhoza kukana, ndipo anthu anzeru akhala akukana kwa zaka zoposa 70. Koma mukane mutayesa kaye kukhala phee mphindi zinayi ndi theka, foni ili m'thumba. Ambiri a ife tidzapeza kuti chimene chikutikwiyitsa si Cage, koma mantha athu okhala chete.

Apa ndi pamene pagona nkhani yanga. Phokoso lenileni ndi liwu lililonse limene likulira popanda wolimvetsera, ngakhale likome bwanji. Ndi nyimbo zija zimalira tsiku lonse m'minibasi, m'sitolo, pa saluni, ndi m'makutu mwathu pamene tikuwerenga, tikudya, tikulankhula ndi amayi athu. Timazitcha nyimbo chifukwa sizitivutitsa, ndipo sizitivutitsa chifukwa sitikuzimva. Nyimbo yachilendo ili ndi ulemu umodzi: imakana kukhala kapeti woti tizimupondaponda. Imati undimvere kapena undizimitse. Ndipo khutu limene laphunzira kudikira nyimbo yovuta ndi lomwelo limene lingathe kudikira gogo wofotokoza pang'onopang'ono, mnzathu wachibwibwi, kapena wodwala amene akuzungulira asanatchule chimene chikumuwawa.

Koma nanunso okonda nyimbo zimenezi musaombe m'manja msanga, pakuti chikwapu chili ndi nsonga ziwiri. Pakati panu pali matenda a kunyada. Ena mumaloweza maina a magulu osadziwika monga mwana amalowezera matebulo, kuti mukamugonjetse mnzanu. Gulu likangotchuka mumalitaya, ngati kuti nyimbo imawola anthu ambiri akaikonda. Mu 1975 Lou Reed anatulutsa Metal Machine Music, chimbale cha nthawi yoposa ola limodzi cha kulira kwa magitala obwezera liwu m'zokuzira mawu, chopanda mawu oimba, chopanda ng'oma. Ogula ambiri anakachibweza m'masitolo. Mu 2002 gulu la Zeitkratzer la ku Germany linachiimba pamaso pa anthu ku Berlin ndi zida wamba, litachilemba m'manoti. Mkangano wakuti n'chaluso kapena n'chipongwe udakalipo, ndipo ndi mkangano wabwino. Choipa n'chakuti alipo ochitamanda amene sanachimverepo kufika kumapeto. Wotamanda asanamve ndi wonyoza asanamve ndi apachibale, bere lawo ndi limodzi. Chachilendo chilichonse si chabwino, ndipo kubisa umphawi wa luso kuseri kwa phokoso n'kotheka ndithu.

Makolo athu ali ndi funso lawo, ndipo liyenera ulemu. Amati, nanga moyo wa oimbawo? N'zoona kuti m'chamba chimenechi muli mdima. Kurt Cobain wa gulu la Nirvana, amene chimbale chake cha Nevermind cha mu 1991 chinatsegulira alternative rock khomo la dziko lonse, anamangidwa ndi mankhwala ozunguza bongo ndipo anadzipha mu 1994 ali ndi zaka 27. Wachinyamata aliyense wotamanda imfa yoteroyo ngati ulemerero akusewera ndi moto. Zilipo nyimbo zotamanda chiwerewere, nkhanza ndi kutaya mtima, ndipo zimenezo tizikane. Koma tizikane chifukwa cha zimene zikunena, titazimva n'kuzimvetsa. Nyimbo zambiri zonyoza amayi ndi zolambira ndalama zimabwera ndi kolasi yotsekemera, ndipo timazivina pa ukwati osatchula satana. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Kukoma m'khutu si chiyero, ndipo kuwawa m'khutu si tchimo.

Sindikuti tibweretse Kid A ku Misa. Nyimbo za pa Misa zili ndi ntchito yake, yothandiza mpingo wonse kupemphera ndi mawu amodzi, ndipo kwaya imene ingasiye akhristu kumbuyo yalephera ntchitoyo. Ndikunena za maola ena onse a sabata, ndi za momwe timaweruzira zimene sitinazizolowere.

Tsono pempho langa ndi ili. Mnzanu akakupatsani nyimbo yachilendo, imvereni yonse kufika kumapeto, muli pansi, manja alibe ntchito ina. Mubwereze tsiku lina, ndiponso kachitatu. Funsani amene anaipeka, chaka chake, ndi chimene chinkamuvuta. Kenaka mubwere ku mkangano ndi zimene mwamva: apa ng'oma inasiya ndipo mtima unandidumpha, apa ndinatopa, apa woimba akubisa kusowa chonena. Mukatero muli ndi ufulu wonse woikana, ndipo kukana kwanu kudzakhala ndi mtengo. Nanu opereka nyimbo, perekani imodzi m'malo mwa mndandanda wa makumi awiri, ndipo munene chifukwa chake m'mawu oti mng'ono wanu amve. Paja ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri.

Makolo anatinso mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa. Alendo ena amabwera chimanjamanja, ena amabwera ndi zoipa, zimenezo n'zoona. Koma wotseka chitseko atangomva kugogoda kwachilendo sadzadziwa amene anali pakhomo. Sabata ino tsegulani kamodzi, mumulole mlendoyo amalize kulankhula, kenaka muweruze.