Mbale Zitatu ndi Njere ya Mtedza

Mwezi uno ndabwera ndi masewera. Ndiyambe ndavomereza kuti masewerawa anandigwetsa ine mwini, ngakhale ndagwira choko zaka zoposa 30.

Tsiku lina madzulo, magetsi atazima kwathu kuno ku Chigwirizano, tinakhala pakhonde titatha kudya nsima. Mwana wanga wotsiriza, mtsikana wa mu Fomu 3, anatenga mbale zitatu za ndiwo nazivundikira pamphasa. Ine nditayang'ana kumbali, iye anabisa njere ya mtedza pansi pa mbale imodzi. "Bambo, lozani pamene pali mtedza." Ndinaloza mbale yapakati. Tsono iye, podziwa pamene anabisa, anavundukula mbale ya kumanzere, ndipo panalibe kanthu. Nati, "Zatsala ziwiri. Mukhala pa yanu yomweyo, kapena musintha?"

Ndinayankha ndi mau a mphunzitsi amene sakayika. Ndinati palibe kusiyana, pakuti mbale ndi ziwiri ndipo mtedza ndi umodzi. Mwayi ndi theka kuno, theka uko. Mwanayo anangoseka, napempha amayi ake kuti atenge pepala azilemba timizere. Tinasewera mpaka kandulo inatsala pang'ono kutha, ine ndikukakamira mbale yanga yoyamba nthawi zonse, ndipo timizere ta kulephera kwanga tinaposa kutali ta kupambana. Ndinagona usiku umenewo ndikuganiza kuti mwina mwanayo amandichenjerera ndi zala.

Sanandichenjerere ayi. Kutacha ndinakhala pansi ndi pensulo, ndipo chimene ndinapeza ndi ichi. Tiyerekeze kuti tasewera maulendo 30. Poloza koyamba mbale zili zitatu, choncho ndiyembekezere kulasa maulendo 10 okha ndi kuphonya maulendo 20. Pa maulendo 10 amene ndalasawo, kusintha kunditayitsa. Koma taonani maulendo 20 otsalawo. Mtedza uli pansi pa imodzi mwa mbale ziwiri zimene sindinaloze, ndipo mwana sangavundukule ya mtedzayo, chifukwa lamulo la masewera likumkakamiza kuonetsa yopanda kanthu. Imene waisiya chivundikire ndiyo ya mtedza ndithu. Motero wosintha apambana maulendo 20, wokakamira apambana 10. Kulakwa kwanga kunali kuwerenga mbale zokha ndi kuiwala kuti dzanja limene linavundukula linali dzanja lodziwa.

Chinanditonthoza ndi chakuti sindine woyamba kugwa m'mbuna imeneyi. Funsoli linatengedwa ku masewera a pa wailesi yakanema ku America otchedwa Let's Make a Deal, amene anayamba m'chaka cha 1963, ndipo wowatsogolera anali Monty Hall. Munthu wa masamu dzina lake Steve Selvin analilemba m'chaka cha 1975. Koma mkangano waukulu unabuka mu 1990, pamene Marilyn vos Savant analiyankha m'magazini ya Parade. Mmalo mwa mbale, iye ananena za zitseko zitatu: kuseri kwa chimodzi kuli galimoto, kuseri kwa ziwiri zinazo kuli mbuzi. (Kumenekotu wopeza mbuzi amayesedwa wolephera. Kuno kwathu akanabwerera kumudzi akulizidwira nthungululu.) Mayiyo anati kusintha ndiko kwanzeru. Anthu pafupifupi 10,000 anamlembera makalata, ambiri omtsutsa, ndipo mwa iwo pafupifupi 1,000 anali ndi digiri yapamwamba ya udokotala wa maphunziro. Ena anamlembera mwachipongwe. Wolondola anali iye.

Tsono pali mbali ina imene yandikondweretsa koposa, ndipo tinaipeza mwangozi. Loweruka lotsatira tinali kusewera pamene mdzukulu wanga wa zaka zitatu anathamangira pamphasa, navundukula mbale imodzi mwa ziwiri zimene sindinaloze. Panalibe kanthu. Mwana wanga anafuula kuti, "Sinthani, bambo!" Apa ndi pamene mphunzitsi anabwezera ngongole, pakuti ulendo uno kusintha kunalibe phindu lililonse.

Tiwerengenso maulendo 30 aja. Pa maulendo 10 amene ndalasa, mbale iliyonse imene kamwanako kangavundukule idzakhala yopanda kanthu. Koma pa maulendo 20 amene ndaphonya, kamwana kosadziwa kadzagwera pa mtedza theka la maulendowo, ndiye kuti 10, ndipo masewera adzathera pomwepo. Atsala ndi maulendo 10 amene mtedza uli pa mbale yanga, ndi 10 amene uli pa inzakeyo. Theka ndi theka. Mbale ndi zomwezo, mphasa ndi yomweyo, chimene maso aona ndi chomwecho, koma yankho lasintha chifukwa wovundukulayo sanadziwe kanthu. Mwana wanga anakhala duu kwa kanthawi, kenaka anapempha pensulo. Ndinampatsa mokondwa.

Masamu a mtundu uwu, owerengera mwayi wa chinthu titamva kale kanthu kena kokhudza chinthucho, ali ndi kholo lake limene ife sitiyenera kulichitira chilendo. Thomas Bayes anali mbusa wa Chipresibiteriyani mu mzinda wa Tunbridge Wells ku England, ndipo anaphunzira ku Edinburgh, ku Scotland kumene kunachokera amishoni a ku Livingstonia ndi Blantyre. Anamwalira mu 1761 asanasindikize zimene anapeza. Mnzake, mbusa Richard Price, ndiye anazipeza m'mapepala ake nazipereka ku bungwe la Royal Society mu 1763. Lero lamulo la Bayes limathandiza madokotala kulingalira tanthauzo la zotsatira za kuyeza magazi, pakuti zotsatira zomwezo sizinena chimodzimodzi pa munthu amene ali ndi zizindikiro za matenda ndi pa munthu amene alibe.

Ndikudziwa kuti kholo lina lidzafunsa ngati iyi si njuga yovala malaya a sukulu. Funsolo ndi loyenera, pakuti tonse tikuwaona anyamata athu ku Chinsapo, ku Kawale ndi kuno kumsika wa Chigwirizano ali weramu pa foni, kubetcha ndalama ya sopo pa mpira wa ku Ulaya. Pakhonde pathu palibe ndalama imene imasintha manja, ndipo mtedzawo amadya ndi mdzukulu. Ine ndiona kuti mwana amene wazolowera kuwerenga mwayi ndi pensulo savuta kumlangiza. Akamva mnzake akuti, "Ndaluza kasanu, lero ndiye langa," iye adzafunsa kuti kuluza kwa dzuloko kwasintha chiyani pa mpira wa lero.

Kwa aphunzitsi anzanga ndingoti, yesani masewerawa ndi ana a Sitandade 7 ndi 8 pophunzitsa tizigawo ta nambala. Musawauze yankho. Agaweni awiriawiri, wina azisintha nthawi zonse, wina azikakamira, ndipo alembe timizere pabolodi. Mudzamva phokoso, koma lidzakhala phokoso la ana otsutsana za masamu, limene ine sindinalimve kawirikawiri m'zaka zanga zonsezi.

Nayi ndagi ya mwezi uno. Mwini wake ndi Joseph Bertrand wa ku France, amene anailemba mu 1889 ndi mabokosi a ndalama za golide ndi siliva. Ine ndaiveka zakwathu. Pali timatumba titatu tofanana. M'koyamba muli njere ziwiri za chimanga, m'kachiwiri muli nyemba ziwiri, m'kachitatu muli njere imodzi ya chimanga ndi nyemba imodzi. Mwatsinzina, mwatola kathumba kamodzi, mwatulutsamo njere imodzi osasuzumira, ndipo mwapeza kuti ndi chimanga. Kodi mwayi wakuti yotsala m'kathumbamo ndi chimanganso ndi wotani? Tumizani mayankho anu kwa Mkonzi pamodzi ndi chifukwa chake, pakuti yankho lopanda chifukwa sindichonga. Amene mwafulumira kunena kuti theka, yambani mwasewera maulendo 30.